Almon Strowger: Wokonza maliro yemwe adachotsa opareta pa lamya

Munthu akaimba lamya ku banki kapena ku kampani ya mafoni, n'kumva mawu ojambulidwa akumuuza kuti adine 1 ngati akufuna Chingerezi, 2 ngati akufuna Chichewa, sangaganize n'komwe kuti nkhani imeneyi idayambira pa maliro. Komatu ndi momwemo. Yemwe adayambitsa makina oti lamya izipeza yokha njira yokafika kwa mwini wake adali bambo wina wa ku America, dzina lake Almon Brown Strowger, yemwe ankadyera kukonza mitembo ndi kugulitsa mabokosi a maliro.

Strowger adabadwa mu 1839 ku Penfield, kufupi ndi mzinda wa Rochester m'chigawo cha New York. Agogo ake aamuna adali mmodzi mwa azungu oyamba kukhazikika m'deralo ndipo ndi omwe adali ndi chigayo choyamba kumeneko. Akuti ali mwana, mayi ake akamupatsa ntchito ya pakhomo, iye ndi abale ake ankatha nthawi akulingalira za makina oti awagwirire ntchitoyo mmalo mongoigwira n'kuthana nayo. Kaya zidachitikadi kaya n'zongomukometsera munthu atatchuka, mtima umenewu ndi womwe udadzaonekera atakula.

Adayamba ndi uphunzitsi kwawo komweko. Nkhondo ya pachiweniweni itabuka mu 1861 pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera zomwe zinkakakamira ukapolo, Strowger adalowa usilikali ku mbali ya kumpoto, m'gulu la okwera pa akavalo lotchedwa 8th New York Cavalry, ndipo adakwera mpaka pa udindo wa lieutenant. Nkhondo itatha adabwerera m'kalasi, n'kumaphunzitsa m'sukulu za kumidzi, kenaka adalowera kumadzulo, ku Kansas. Uko ndi komwe adatula choko pansi n'kuyamba bizinesi ya maliro. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 adali akugwira ntchitoyi mumzinda wa Kansas City, m'chigawo cha Missouri.

Lamya ya masiku amenewo

Nthawiyo lamya idali idakali chinthu chachilendo. Alexander Graham Bell adali atangolandira chiphaso cha umwini wa lusoli mu March 1876. Exchange yoyamba ya malonda, kutanthauza malo omwe mawaya a lamya za anthu osiyanasiyana amakumana, idatsegulidwa mu January 1878 ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, ili ndi makasitomala 21 okha.

Lamya za nthawiyo zidalibe manambala oti munthu adine. Wofuna kuimba ankapukusa kachogwirira ka pambali pa lamyayo, ndipo ankayankhidwa ndi opareta wokhala pa switchboard. Akatchula yemwe akumufuna, opareta ankatenga waya wokhala ndi pulagi n'kumulowetsa pa kabowo ka munthuyo. Poyamba makampani ankalemba anyamata pa ntchitoyi, koma anyamatawo adali amwano: ankatukwana makasitomala ndi kuseweretsa mawaya. Mu September 1878 kampani ina ya ku Boston idalemba Emma Nutt, mayi woyamba kukhala opareta, ndipo sipadatenge nthawi kuti ntchitoyi isanduke ya amayi ndi atsikana.

Opareta wa m'tauni ankadziwa zonse. Ankadziwa komwe kwabadwa mwana, yemwe waitana dokotala pakati pa usiku, ndi nyumba yomwe mwagwa zovuta. Ambiri mwa iwo ankathandizadi anthu, chifukwa dokotala akachokapo opareta ankadziwa khomo lomwe angapezekeko. Koma mphamvu yomweyo idali ndi mbali ina. Woimba akangoti akufuna wokonza maliro, osatchula dzina, kusankha kudali m'manja mwa opareta. Ngakhale atchule dzina, opareta akadatha kumuuza kuti lamyayo wina akuyankhulapo, ndipo woimbayo adalibe njira yotsimikizira ngati n'zoona.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yomwe idamutchukitsa Strowger. Bizinesi ya maliro siyofanana ndi ya golosale. Anamfedwa sayendayenda kufunsa mitengo. Amaimba kamodzi, ndipo yemwe wayankha ndi yemwe watenga ntchito. Kasitomala akakudutsa lero sadzabweranso mawa. Tsono Strowger adayamba kuona kuti lamya yake yasiya kulira, pomwe anthu mumzindamo sadasiye kumwalira.

Nkhani yofala imati opareta wa pa exchange adali mkazi wa mkulu wina wochita bizinesi yomweyo, ndipo aliyense wofuna Strowger ankamulumikiza kwa mwamuna wake. Ena poifotokoza amati sadali mkazi wake koma wachibale chabe. Ena amati chomwe chidamuwawa kwambiri n'choti mnzake weniweni adamwalira iye osauzidwa, n'kungomva kuti maliro wayendetsa ndi wopikisana naye uja. Aliponso omwe amati opareta adalibe mlandu, vuto lidali pa waya wa lamya ya Strowger mwiniwake. Chomwe onse amagwirizana n'choti mkuluyu sankachedwa kupsa mtima, ndipo kudandaula ku kampani ya lamya kutamukwana, adatsimikiza zopeza njira yoti pakati pa woimba ndi woimbiridwa pasakhalenso munthu.

Kabokosi ka makolala ndi mapini

Akuti chitsanzo choyamba adachipanga ndi kabokosi kozungulira kosungiramo makolala a malaya, komwe adabayamo mapini m'mizeremizere, ndi pensulo yoyenda pakati pake. Ganizo lake n'losavuta kulimva. Tayerekezani chitini chomwe mkati mwake muli timano tachitsulo 100, tosanjidwa m'mizere 10, mzere uliwonse timano 10. Kadzino kalikonse ndi mathero a waya wa lamya ya munthu mmodzi. Pakati pa chitinicho pali kandodo kachitsulo kokhala ndi kamkono, ndipo kamatha kukwera m'mwamba komanso kuzungulira.

Wofuna nambala 47 amatumiza magetsi kanayi, ndipo maginito amakankha kamkono kaja kukwera masitepe anayi. Akatumizanso kasanu n'kawiri, kamkono kamazungulira mpaka kukakhudza kadzino ka nambala 7 mu mzere wachinayiwo. Pamenepo mawaya awiri akumana, anthu atha kuyankhulana. Akamaliza, kamkono kamagwa n'kubwerera pamalo pake kudikira wina. Chifukwa cha kayendedwe ka sitepe ndi sitepe kameneka, akatswiri adadzawatcha makinawa kuti step-by-step.

Chachikulu pa makinawa n'choti sankadziwa kanthu. Sankadziwa yemwe akuimba, sankakumbukira yemwe adaimba dzulo, adalibe mwamuna kapena msuweni wochita bizinesi. Ankangomvera chala cha woimba basi. N'zomwe Strowger ankafuna.

Iye zamagetsi sankazidziwa mokwanira, choncho adadalira abale ake, makamaka mwana wa mchimwene wake, Walter S. Strowger. Pa 12 March 1889 adapereka pempho ku boma la America kuti lusoli lilembedwe m'dzina lake, ndipo pa 10 March 1891 adalandira chiphaso nambala 447,918.  Kunena chilungamo, sadali woyamba kuganiza zimenezi, pakuti mu 1879 abale awiri a banja la Connolly ndi mnzawo McTighe adali atalandira kale chiphaso cha makina olumikiza lamya okha. Koma awo sadafike potumikira anthu. A Strowger ndi omwe adatuluka pa pepala n'kukagwira ntchito.

Ndalama zoyambira zidachokera kwa Joseph B. Harris, yemwe ankayenda m'mizinda kugulitsa katundu, ndi Moses A. Meyer. Kumapeto kwa 1891 adakhazikitsa kampani ya Strowger Automatic Telephone Exchange Company mumzinda wa Chicago. Pa 3 November 1892 exchange yoyamba yopanda opareta idayamba kutumikira anthu m'tauni ya La Porte, ku Indiana, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Chicago. Idali ndi makasitomala pafupifupi 75 ndipo inkatha kunyamula 99. Potsatsa malonda, kampaniyo inkanyadira kuti lamya yake ilibe mtsikana pakati, ilibe kutukwanizana ndiponso ilibe kudikira.

Kutsatsa n'kwina, kugwiritsa ntchito n'kwina. Lamya iliyonse inkafuna mawaya asanu opita ku exchange mmalo mwa awiri. Woimba ankayenera kudina batani lina kanayi, lina kasanu n'kawiri, akuwerenga chamumtima, ndipo akasokoneza ankapezeka akuyankhula ndi munthu wolakwika popanda woti amukalipire. Pomaliza ankayenera kukumbukira kudina batani lobwezera kamkono pamalo pake. Kuonjezera apo, kasitomala aliyense ankafuna makina akeake ku exchange, zomwe zikadatheka m'tauni ya anthu 75 koma osati mumzinda wa anthu zikwizikwi.

Omwe adathetsa mavutowa adali anthu ena, ndipo mbiri siwakumbukira mokwanira. Alexander E. Keith adalowa kampaniyi mu 1893, kenaka kudabwera abale awiri, John ndi Charles Erickson, ochokera ku Lindsborg, ku Kansas. Mu 1896 atatuwa adapanga gudumu la manambala lozunguza ndi chala, lija akuluakulu amalikumbukira pa lamya zakuda za m'maofesi. Munthu akazunguza gudumulo n'kulisiya, pobwerera linkadula magetsi mogwirizana ndi nambala, pafupifupi maulendo 10 pa sekondi, ndipo ziro ankatumiza maulendo 10. Kuwerenga kudachoka m'mutu mwa munthu n'kulowa m'gudumu. Malo amodzi mwa oyamba kugwiritsa ntchito lamya zoterezi adali maofesi a khonsolo ya mzinda wa Milwaukee, pa exchange yawoyawo ya mkati mwa nyumbayo. Akatswiri a kampaniyi adapezanso njira yolumikiza makinawa motsatizana: oyamba azilandira nambala yoyamba n'kupereka lamyayo kwa ena omwe alibe ntchito, awonso chimodzimodzi, mpaka omaliza alandire manambala awiri otsiriza. Mwanjira imeneyi makina ochepa ankatumikira anthu ambiri. Dzina lidatsala la Strowger, koma zambiri mwa zomwe zidafalikira m'maiko zidali thukuta la Keith ndi anzakewo.

Phindu lidadyedwa ndi ena

Strowger sadakhalitse m'kampani ya dzina lake. Thanzi lake lidayamba kuvuta. Olemba mbiri yake amati mu 1896 adagulitsa ziphaso zake kwa anzake pa mtengo wa $1,800, ndipo mu 1898 adagulitsanso gawo lake m'kampaniyo pa $10,000. Mu 1897 adakwatira mkazi wachiwiri, Susan Simmons wa ku Massachusetts. Adasamukira ku St. Petersburg, m'chigawo chofunda cha Florida, komwe akuti adabwereranso ku ntchito yake yakale ya maliro. Adamwalira komweko pa 26 May 1902, atavutika ndi kuchepa kwa magazi m'thupi.

Makina ake adali atangoyamba kumene ulendo. Ziphaso za Bell zitatha mphamvu mu 1893 ndi 1894, m'America mudabuka makampani ang'onoang'ono a lamya, ndipo ena mwa iwo ndi omwe ankagula makina a Strowger kuchokera ku Automatic Electric, kampani yomwe idatenga ntchitoyi mu 1901. Kampani yaikulu ya Bell idawanyoza kwa zaka zambiri, ponena kuti anthu amakonda kuyankhidwa ndi munthu mnzawo. Mu 1916 idagonja n'kulipira ndalama zomwe akuti zidafika $2.5 miliyoni kuti iloledwe kugwiritsa ntchito lusoli. Mu 1919, chaka chomwe maopareta zikwizikwi a ku Boston ndi madera ozungulira adanyanyala ntchito n'kuzimitsa lamya kwa masiku angapo, Bell idatsegula exchange yake ya makina a mtunduwu ku Norfolk, ku Virginia.

Ku Britain, exchange yoyamba yotere yotumikira anthu wamba idatsegulidwa ku Epsom mu May 1912. Patadutsa zaka, boma la Britain lidasankha makina a Strowger kukhala a dziko lonse, ndipo mafakitale a kumeneko ankawatumizanso kumaiko ambiri. Exchange yomaliza ya mtunduwu ku Britain idazimitsidwa mu June 1995 ku Crawford, ku Scotland, patatha zaka zoposa 100 chitsegulire ya ku La Porte.

Kompyuta itakhala pampando wa opareta

Kusadziwa kanthu kuja, komwe Strowger ankanyadira, kudali ndi malire ake. Nambala idali ngati adiresi ya kadzino kachitsulo, ndipo njira ikadzaza makinawo sankatha kufunafuna ina. Mu 1927 mzinda wa London udayamba kugwiritsa ntchito makina otchedwa Director, omwe ankayamba asunga manambala oimbidwa, n'kuwamasulira, kenaka n'kusankha njira. Mu 1965 kampani ya Bell idatsegula ku Succasunna, ku New Jersey, exchange yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya kompyuta. Kusankha, komwe Strowger adakulanda kwa munthu, kudayamba kubwerera pang'onopang'ono, ulendo uno m'manja mwa makina.

Izi zidafika patali kwambiri m'makampani. Ofesi yaikulu iliyonse imakhala ndi exchange yakeyake yaing'ono, yotchedwa PBX, yomwe imalandira lamya zochokera kunja n'kuzigawa m'madesiki. Mu 1973 kampani ya Rockwell idapangira kampani ya ndege ya Continental Airlines makina oika oimba pa mzere n'kumawapereka kwa kalaliki yemwe wapeza mpata. Koma makinawo ankangodziwa za lamya. Mbiri ya kasitomala, ngongole zake ndi madandaulo ake zidali kwina, m'kompyuta yaikulu ya kampani, ndipo ziwirizi sizinkayankhulana. N'chifukwa chake munthu ankafotokoza vuto lake kwa kalaliki woyamba, n'kudzalifotokozanso kwa wachiwiri ndi wachitatu.

Cha m'ma 1990 makampani adayamba kulumikiza ziwirizi. IBM idatulutsa pulogalamu yotchedwa CallPath. Mu 1992 bungwe la ECMA ku Ulaya lidakhazikitsa ndondomeko ya CSTA, yoti PBX ndi kompyuta zopangidwa ndi makampani osiyana zizimvana, ndipo mu 1993 Microsoft ndi Intel adatulutsa yawo ya TAPI.

Zimayenda chonchi. Mayi wina waimba ku banki. PBX ikalandira lamyayo imadziwa zinthu ziwiri: nambala ya woimba ndi nambala yomwe waimba. Nthawi zina imadziwanso mabatani omwe wadina. Imayamba yaigwira lamyayo, n'kutumiza uthenga waufupi ku kompyuta kudzera pa njira ina yapadera, kuifunsa komwe lamyayo ipite. Mawu a mayiyo sadutsa m'kompyutamo, mumangodutsa mauthenga. Kompyuta imayang'ana m'kaundula wake n'kupeza, mwachitsanzo, kuti mwini nambalayo adanena dzulo kuti khadi lake latayika. Imadziwanso kalaliki yemwe ali pa lamya, yemwe ali ndi mpata ndi yemwe waweruka, chifukwa PBX imaiuza chilichonse chikangosintha. Tsono imayankha kuti lamyayo ipite kwa uje wa ku dipatimenti ya makhadi. PBX imalumikiza, ndipo lamya ikamalira pa desikipo, faelo ya mayiyo imakhala itatseguka kale pa kompyuta ya kalalikiyo. Akaitumiza lamyayo kwa mnzake, faelo imatsatira.

Zonsezi zimatha woimba asadazindikire kuti wadikira. Ndipo okonza ndondomekozi adaganizira za tsiku lomwe kompyuta idzafe: ikapanda kuyankha m'nthawi yomwe adaiikira, PBX siidikira mpaka kalekale, imangoika lamyayo pa mzere wa aliyense. Masiku ano PBX zambiri ndi mapulogalamu chabe oyenda pa intaneti, koma kagawidwe ka ntchito n'komweko: china chimagwira lamya, china chimanena kopita.

Strowger akadadzuka lero akadapeza kuti mbali ina adapambana. Woimba nambala ya kampani ina sangapatutsidwe mwakachetechete kupita kwa opikisana nayo. Koma lamyayo ikangolowa pachipata cha kampaniyo, imakumana ndi opareta watsopano yemwe amamudziwa woimba kuposa mmene mayi uja wa ku Kansas City ankadziwira anthu ake. Ndipo nayenso amatha kukondera, kungoti kukondera kwake kumalembedwa ndi mabwana m'pulogalamu. Makampani ena amakonza zoti kasitomala wa ndalama zambiri azidumpha mzere, pomwe wa akaunti yaing'ono akumvera nyimbo, mayunitsi akutha, osadziwa kuti wina wamudutsa.

Manda a Strowger ali ku Greenwood Cemetery, mumzinda wa St. Petersburg. Mwala wake ndi wa mtundu womwe amaikira asilikali, ndipo udangolembedwa dzina, udindo wa lieutenant ndi gulu lake la okwera pa akavalo. Za lamya palibepo. Mkazi wake Susan adamwalira mu 1921. Patatha zaka zambiri chimwalirire mwini wake, akuluakulu a makampani a lamya adapita pamandapo n'kukaikapo chikwangwani chachitsulo chofotokoza za makina omwe adapanga.